Kuchokera ku Lumbadzi kukatera ku Chileka: mtunda wake ndi wautali bwanji?

Funso lachokera kwa mayi wina wochita malonda mumzinda wa Lilongwe: "Mwezi wamawa ndili ndi msonkhano ku Blantyre ndipo ndikulingalira zokwera ndege. Nditafufuza pa intaneti mtunda wa pakati pa bwalo la ndege la Kamuzu ndi la Chileka, pena alemba 245, pena 152, pena 132, chonsecho pa basi timadziwa kuti ndi makilomita opitirira 300. Choona ndi chiti? Komanso amati ndege imathamanga makilomita 800 pa ola limodzi. Nanga bwanji ulendo waufupi chotere amaulemba mphindi zoposa 40, mtengo wake n'kukhalanso wokwera chonchi?"

Zikomo mayi chifukwa cha funso lanu. Manambala onse mwawaonawo ndi oona, ndipo atatu oyambirirawo akunena mtunda umodzi womwewo, kungoti miyeso yake ndi yosiyana. Mukajambula mzere wowongoka kuchokera pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi kukafika pa bwalo la Chileka, mzerewo ndi wa makilomita pafupifupi 245. Olemba 152 akuwerengera mamailosi a pamtunda, amene makolo athu ankayezera misewu, ndipo mailosi imodzi yotero ndi mamita 1,609. Olemba 132 akuwerengera mamailosi a amalinyero, amene pa mapepala a zandege amalembedwa NM, ndipo imodzi ndi mamita 1,852. Oyendetsa ndege amagwiritsa ntchito muyeso wachitatuwu, moti mukafunsa kaputeni akuuzani 132, osati 245. Mukapeza pena alemba 240 musadabwe: amenewo ayeza kuchokera pakati pa tawuni ya Lilongwe kukafika pakati pa tawuni ya Blantyre, osati pa mabwalo. Bwalo la Kamuzu lili makilomita pafupifupi 25 kumpoto kwa mzinda, la Chileka makilomita pafupifupi 16 kumpoto chakumadzulo kwa Blantyre. Pofufuza, lembani zilembo za mabwalowo, LLW ndi BLZ, kuti kompyuta isakuyezereni matawuni.

Mtunda umenewu mutha kuuwerengera nokha, kapena mwana wa ku sekondale akuwerengereni. Bwalo la Kamuzu lili pa madigiri 13.79 kumwera kwa equator, la Chileka pa 15.68. Kusiyana kwake ndi madigiri 1.89, ndipo digiri iliyonse polowera kumwera ndi makilomita pafupifupi 111, kutanthauza kuti Chileka ili makilomita ngati 210 kumwera. Polowera kum'mawa, Kamuzu ili pa madigiri 33.78, Chileka pa 34.97. Kusiyana ndi 1.19, ndipo kwathu kuno digiri ya kum'mawa ndi makilomita pafupifupi 108 chifukwa mizereyo imanka niyandikana mukamatalikira equator. Apo mupeza makilomita 128. Tengani masamu a Pythagoras aja pa 210 ndi 128, yankho lituluka 246. Makina owerengera bwino kupindika kwa dziko amapeza kilomita imodzi yocheperapo. Pa ulendo waufupi ngati uwu kupindikako sikusintha zambiri. Kumayamba kuoneka pa maulendo a ku London kapena ku Guangzhou, pomwe njira yaifupi pa mapu imaoneka yokhota.

Tsono n'chifukwa chiyani msewu uli makilomita pafupifupi 310? Yang'anani mapu bwinobwino. Pakati pa Lilongwe ndi Blantyre dziko la Mozambique limalowerera ngati chigongono, ndipo mzere wowongoka uja sukhala mu Malawi njira yonse. Umadutsa kumadzulo kwa Dedza, n'kulowa m'chigawo cha Tete, pamwamba pa dera la Angónia pafupi kwambiri ndi tawuni ya Ulongwe, kumene abale athu amayankhula chinenero chomwechi, kenaka n'kubwereranso mu Malawi cha ku Neno usanaoloke Shire. Msewu wa M1 sungatero. Umazungulira motsatira malire: Dedza, Lizulu pomwe msika uli tsidya lino Malawi tsidya linalo Mozambique, Ntcheu, Chingeni, kutsikira kuchigwa, kuoloka Shire pa Zalewa, Lunzu, mpaka pa Kameza pomwe pali mphambano yopita ku Chileka. Kuzungulira malire ndi kukhotakhota kwa m'mapiri a Dedza ndi Ntcheu ndi kumene kumawonjezera makilomita enawo.

Koma ndikuuzeni mosabisa, mayi, kuti 245 ija ndi nambala ya pa pepala. Palibe ndege yonyamula anthu imene imauluka makilomita 245 enieni pa ulendo umenewu, ndipo apa ndi pomwe funso lanu lachiwiri likuyambira.

Ndege imanyamuka ndi kutera moyang'anana ndi mphepo, chifukwa mphepo yochokera kutsogolo imathandiza mapiko kunyamula msanga. Msewu wothamangirapo ndege wa ku Lumbadzi ndi umodzi, ndipo kunsonga kwake kunalembedwa manambala akuluakulu, 14 mbali ina, 32 mbali inayo. Manambalawa ndi madigiri a kampasi atachotsedwa ziro: 140 ndi 320. Chileka, mukakhala pa Lumbadzi, ili cha pa madigiri 150. Ndiye ndege ikanyamukira pa 14 imakhala italoza kale ku Blantyre, imangokonza pang'ono. Ikanyamukira pa 32 imayamba yalowera kumpoto chakumadzulo, kufulatira komwe ikupita, kukwera kaye kufikira pabwino, kenaka n'kutembenuka. Ku Chileka msewu waukulu ndi 10 ndi 28, wogona kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa. Ndege yochokera ku Lilongwe siingatsikirepo chopingasa. Iyenera kupita kaye patali ndithu ndi bwalo, kudziwongola molunjika msewuwo, n'kumatsika pang'onopang'ono. Mphepo ikafuna kuti itere pa 28, imalambalala bwalo, kukakhotera kum'mawa, n'kubwerera. Onjezanipo kuti dera la Blantyre ndi lamapiri, Michiru ili pafupi kumwera kwa bwalo, Ndirande ndi Soche chapatsogolo, choncho njira zotsikira zinajambulidwa mosamala ndipo woyendetsa sazidula mwa kufuna kwake. Olondolera ndege a mu nsanja nawonso amatha kumuuza kuti adikire mnzake atere kaye. Zonsezi zimatalikitsa ulendo ndi makilomita makumi angapo.

Nyengo nayo ili ndi mawu. M'dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, mitambo ya mabingu imaunjikana masana pamwamba pa mapiri a Dedza, Ntcheu ndi Angónia, ndendende pomwe padutsa mzere uja. Mtambo wotero sulowedwa, umazunguliridwa, ndipo kuuzungulira ndi mtunda. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi kumabwera chiperoni, mitambo yotsika ndi mvula yowaza imene imaphimba mapiri a kumwera, ndipo ndege imatha kuzungulira mlengalenga kudikira kuti kuyere. Ichi n'chifukwa chake munthu amene ali ndi msonkhano wofunika m'nyengo ya mvula ndimamulangiza ndege ya m'mawa ngati ilipo. Mabingu ambiri amayamba dzuwa litapendeka.

Tibwere ku liwiro. Makilomita 800 pa ola amene mwamvawo ndi oona: Boeing 737 imapitirira pang'ono pamenepo. Mukagawa 245 ndi 800 mupeza mphindi 18, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake mphindi 40 zikukudabwitsani. Koma liwiro limenelo ndege imalifika ikakhala m'mwamba kwambiri, mamita oposa 10,000, komwe mpweya ndi wopepuka, itawongoka ulendo wa ku Johannesburg kapena ku Addis Ababa. Pakati pa Lumbadzi ndi Chileka mpata wofika kumeneko palibe.

Oyendetsa ndege ali ndi kawerengedwe kachidule ka potsika: pa mafiti 1,000 aliwonse amene akufuna kutsika, amafunika mamailosi a amalinyero atatu. Tiyerekeze kuti ndege yakwera kufika mafiti 20,000. Chileka ili pa mafiti pafupifupi 2,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndiye iyenera kutsika mafiti 17,500, amene akufuna mamailosi oposa 50, pafupifupi makilomita 100. Taonani: pa makilomita 245 aja, 100 apita ndi kutsika kokha. Kukwera nako kumadya gawo lina lalikulu. Chotsala pakati, pomwe ndege imayenda mowongoka pa liwiro lake labwino, ndi mphindi zochepa kwambiri, moti ogwira ntchito m'ndege amachita kuthamanga kuti akupatseni madzi nyali ya malamba isanayakenso. Komanso m'mayiko ambiri ndege ikakhala pansi pa mafiti 10,000 siloledwa kupitirira ma knot 250, omwe ndi makilomita pafupifupi 460 pa ola, ndipo poyandikira kutera imachepetsa kufika cha m'ma 250 pa ola. Mukaphatikiza zonsezi, nthawi ya mlengalenga imakhala cha pa theka la ola kapena kupitirirako pang'ono.

Mphindi zinazo zili pansi. Nthawi imene imalembedwa pa tikiti imayamba pomwe ndege yasuntha pamalo oimikapo, n'kutha pomwe yaima pa bwalo linalo. M'katimo muli kuyatsa mainjini, kuyenda pang'onopang'ono kupita kunsonga ya msewu wotalika makilomita oposa atatu wa ku Lumbadzi, kudikira chilolezo, ndi kuyendanso pansi mutatera. Kampani imawonjezerapo mphindi zingapo zodzitetezera kuti isamaoneke yochedwa tsiku lililonse. Mphindi 40 kapena 50 zimachokera pamenepo.

Pano ndinenepo za ndege ya mapulopela, chifukwa anthu ambiri amaiderera. Malawi Airlines, imene inayamba kuuluka mu 2014 Air Malawi itatha, boma lili ndi magawo 51 pa 100 aliwonse ndipo Ethiopian Airlines 49, yakhala ikugwiritsa ntchito mitundu iwiri: Boeing 737 ndi Dash 8 Q400 ya mapulopela. Ena akaona mapulopela mtima umagwa, amvekere atipatsa yachikale. Si choncho. Q400 injini zake ndi za mtundu wa jeti, kungoti zimazungulitsa mapulopela, ndipo imathamanga makilomita oposa 600 pa ola. Ngakhale pa pepala, kusiyana kwake ndi Boeing pa makilomita 245 ndi mphindi zosakwana zisanu, ndipo mlengalenga kumachepa kuposa apo chifukwa zonse ziwiri zimatsatira malamulo omwewo potsika. Mafuta imamwa ochepa. Kwa ine, pa njira ya Lilongwe ndi Blantyre ndege yoyenera ndi imeneyi. Boeing imakhalapo makamaka ikakhala kuti ikupitirira ulendo wa kunja.

Kupitirirako kuli ndi masamu ake osangalatsa. Kuchokera ku Lumbadzi kupita ku Johannesburg molunjika ndi makilomita pafupifupi 1,490. Kuchokera ku Chileka ndi pafupifupi 1,350. Ndege ikadzera ku Chileka, mtunda wonse ndi pafupifupi 1,600, kungowonjezera makilomita 110 okha, koma yatola anthu a mizinda iwiri. Nthawi imene wokwera wa ku Lilongwe amataya ndi yoposa ola, chifukwa cha kutsika, kuima ndi kukweranso, pomwe makilomita 110 pawokha ndi mphindi zosakwana khumi. Apanso mukuona kuti chodya nthawi si kutalika kwa njira, koma kutera ndi kunyamuka.

Mtengo nawo umatsata zomwezo. Mukayatsa mbaula kuti muwiritse kapu imodzi ya tiyi, makala amene apse kuti moto ukolere ndi omwewo mukanayatsira kuphika nyemba. Ndege imamwa mafuta ambiri zedi ponyamuka ndi pokwera, ndipo pa ulendo wautali mafuta amenewo amagawanika pa makilomita masauzande. Pa ulendo wathuwu agawanika pa 245 okha. Ndalama zolipira potera, zolipira olondolera ndege, zachitetezo, za okweza katundu ndi misonkho ya pa bwalo zambiri mwa izo zimalipidwa pa kunyamuka ndi kutera kulikonse, posatengera kuti mwauluka mtunda wanji. Kukonza ndege nako sikuwerengera maola okha. Matayala, mabuleki, miyendo yoterera ndi zipangizo zina za mu injini zimasinthidwa potengera kuti ndege yanyamuka ndi kutera kangati, moti ulendo wa theka la ola umaziperepesa mofanana ndi wa maola anayi.

Palinso mafuta amene amanyamulidwa koma osati kuti apse. Malamulo a zandege a dziko lonse amafuna kuti ndege inyamule mafuta okafika komwe ikupita, ena oti ikalephera kutera ikafike pa bwalo lina losankhidwiratu, ndi enanso oti itha kuzungulira mlengalenga mphindi 30. M'mayiko okhala ndi mabwalo ambiri, bwalo linalo limakhala pafupi. Kuno mabwalo olandira ndege zazikulu zonyamula anthu tsiku ndi tsiku ndi awiri omwewa, choncho wopita ku Chileka kawirikawiri pothawira pake ndi ku Lumbadzi komwe wachokera. Ndege imanyamula mafuta a ulendo wopita ndi wobwerera, ndi ena pamwamba, ndipo kulemerako nako kumamwetsa mafuta. Kumbukiraninso kuti mafuta a dziko lino amachokera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo iwo pamodzi ndi zipangizo za ndege amagulidwa ndi madola, pomwe inu tikiti mukulipira ndi makwacha. Okwera akakhala ochepa, mtolo wonsewo umagwera anthu ochepawo. Sindikunena kuti mtengo uliwonse umene mungapatsidwe ndi wachilungamo. Pomwe palibe mpikisano mitengo imakwera mosavuta. Koma kuyembekezera kuti tikiti ya ku Blantyre ikhale gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a tikiti ya ku Johannesburg, poti mtunda wake ndi wotero, ndi kuyembekezera zosatheka.

Ndiye mukwere kapena ayi? Musayeze ulendo wanu kuchokera pa bwalo kukafika pa bwalo. Uyezeni kuchokera pa khomo la nyumba yanu kukafika pa khomo la holo ya msonkhano. Kuchoka m'tawuni kupita ku Lumbadzi kudzera pa Kanengo, patulani mphindi 30 mpaka 45 malinga ndi kuchuluka kwa magalimoto. Pa bwalo muyenera kufika ola lathunthu ndege isananyamuke, kapena kuposa ngati kampani yanena choncho pa tikiti. Ulendo weniweni, tinene mphindi 45. Kutsika ndi kudikira chikwama, mphindi 15 kapena 20. Kuchoka ku Chileka kulowa m'tawuni ya Blantyre, theka la ola, ndipo ngati msonkhano uli ku Limbe onjezerani. Zonse pamodzi ndi maola atatu kapena atatu ndi theka. Basi yabwino yosaimaima imatenga maola anayi ndi theka kapena asanu, kuwerengera ndi marodibuloko, ndipo imakusiyani m'tawuni mwenimweni. Chimene ndege yakupulumutsirani ndi ola limodzi ndi theka kapena awiri, osati maola anayi monga ambiri amaganizira akamva zoti mlengalenga ndi theka la ola. Pa mtengo wa tikiti muphatikizeponso takisi ya mbali zonse ziwiri, chifukwa mabwalo onsewa ali kunja kwa tawuni.

Maola awiriwo nthawi zina ndi amtengo wapatali. Ngati mukufuna kupita m'mawa ndi kubwerera tsiku lomwelo, ndege ikupulumutsirani malo ogona, ndiponso ikupewetsani chinthu chimene ndimachiopa kwambiri pa njira imeneyi: kuyendetsa galimoto usiku pa M1 mutatopa, pakati pa mathiraki, njinga zopanda nyali ndi anthu oyenda m'mphepete mwa msewu pa Lizulu, Kampepuza ndi Phalula. Kwa munthu wodwala, wachikulire, kapena mayi woyembekezera amene adokotala amuloleza kuuluka, theka la ola pa mpando silifanana ndi maola asanu. Chimodzimodzi amene akukakwera ndege ina ya kunja. Ameneyo agule matikiti onse awiri pamodzi, kuti yoyamba ikachedwa kampani ikhale ndi udindo womupezera ina. Wopitirira ku Thyolo, Mulanje kapena Chikwawa naye amapindula, chifukwa Chileka imamudulira gawo lalikulu la njira.

Koma wopita ku Ntcheu, Balaka kapena Liwonde asavutike n'komwe, chifukwa ndege imupitiriza kwawo ndipo adzachita kubwerera m'mbuyo pa msewu. Wa ku Zomba aganize kawiri: kuchokera ku Blantyre kulinso makilomita oposa 60, pomwe pa galimoto akanapatukira pa Chingeni kudzera ku Balaka ndi Liwonde osafika ku Blantyre. Ndipo inu monga wamalonda, ngati mukunyamula katundu wa zitsanzo kapena mukufuna kubwerako ndi katundu wa ku Limbe, funsani kaye makilogalamu amene tikiti ikuloleza, poti owonjezera amalipitsa mokwera.

Pa msonkhano wanuwo, chitani izi. Onani kaye ndandanda ya ndege ya tsiku lenilenilo, chifukwa pa njira imeneyi ndege si zambiri pa tsiku ndipo nthawi zake zimasintha ndi masiku a sabata. Ngati ilipo yonyamuka m'mawa yokufikitsani ku Chileka kutatsala maola awiri kuti msonkhano uyambe, ndi ina yobwerera madzulo, kwerani. Ngati imene ilipo ndi ya masana, moti mudzagonabe ku Blantyre, kwerani basi ya dzulo lake, ndalama ya tikitiyo ilipire malo ogona ndipo ina itsala. Mukasankha ndege, dzulo lake imbirani kampaniyo kutsimikiza kuti nthawi sinasinthe, ndipo wa takisi wa ku Chileka mupangane naye mtengo musananyamuke ku Lilongwe.